Njira ya petulo kuchoka m'thanki kukafika ku kabureta

Munthu woyamba amene mbiri imamukumbukira kuti anatsegula paipi ya mafuta yotsekeka panjira anali mzimayi, Bertha Benz, mkazi wa Carl Benz wa ku Germany. Mu Ogasiti 1888 anatenga galimoto ya matayala atatu imene mwamuna wake anapanga, n'kukweza ana ake aamuna awiri, ulendo wa kwa mayi ake ku Pforzheim kuchokera ku Mannheim, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 100. Malo omwetsera mafuta kunalibe, moti mafuta anakagula kwa wogulitsa mankhwala m'tauni ya Wiesloch. Paipi itatsekeka, mayiyo anazula phini wa chipewa chake n'kutokosa mpaka mafuta anayambanso kuyenda. Ine ndakhala pa ntchito ya umakaniko kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo gawo lalikulu la zimene tinkachita pa galimoto za kabureta linali lomwelo: kutokosa, kuuzira ndi kusefa.

Anyamata ambiri amene akuphunzira ntchitoyi lero sanatsegulepo kabureta ya galimoto, choncho ndiyambe ndalongosola njira yake. Petulo amachoka m'thanki kudzera m'kapaipi kofika pafupi ndi pansi, kawirikawiri kokhala ndi kaneti kunsonga. Amalowa m'paipi yachitsulo yoyenda kunsi kwa galimoto, mamita atatu kapena anayi. Pamene chitsulocho chikukumana ndi injini pamakhala kachidutswa ka labala, chifukwa injini imagwedera payokha. Pampu imakoka mafutawo n'kuwakankhira m'kambale ka kabureta, mmene muli fuloti, kachinthu koyandama kamene kakakwera kamakankha singano n'kutseka khomo. Kuchoka m'kambalemo petulo amadutsa m'majeti, timabowo tamkuwa topimidwa bwino, n'kukakumana ndi mpweya. Pa injini zazing'ono zimene zinadzaza m'misewu yathu, jeti yaikulu inali ndi bowo la milimita imodzi ndi pang'ono, ndipo jeti yosunga injini ikulira galimoto itaima inali ndi bowo la theka la milimita. Kamchenga kamodzi n'kokwanira kuimitsa pikiapu yodzaza matumba a chimanga. Kakakodwa pa singano ya fuloti ndiye zimaipa kuposa apo. Khomo silitsekeka, petulo amasefukira, ndipo pa injini zambiri pansi pomwepo ndi pamene pali chitsulo cha utsi chotentha.

Galimoto zoyambirira zinalibe pampu. Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, kwa zaka zambiri thanki yake inali pansi pa mpando, petulo n'kumangotsetsereka yekha. Pachitunda chachikulu, mafuta akachepa, kabureta inkakhala pamwamba kuposa mafutawo, injini n'kuzima, ndipo madalaivala anaphunzira kukwera zitunda chafutambuyo. Petulo ankagulidwa m'zitini ndi m'migolo, ndipo pothira ankamusefa ndi chikopa chofewa choyala pa fanelo, chimene chimalola petulo kudutsa koma n'kugwira madzi. Kunsi kwa thanki kunali kachibulunga kachitsulo kokhala ndi kampopi. Madzi amalemera kuposa petulo, dzimbiri nalonso, choncho zonse zinkadikha mmenemo mpaka mwini galimoto atazitaya. Kenako kunabwera kathanki ka kampani ya Stewart kokoka mafuta ndi mphamvu imene injini imayamwira mpweya, ndipo mu 1927 kampani ya AC ya ku America inatulutsa pampu yokankhidwa ndi injini yomwe, yokhala ndi dayafulamu, kansalu ka labala kopita m'mwamba ndi pansi. Pampu ya mtundu umenewu ndiyo inakhala pa galimoto zambiri mpaka opanga galimoto atasiya kabureta. Paipi nayo inasintha m'zaka za m'ma 1920 zomwezo, pamene Harry Bundy wa ku Detroit anapeza njira yokulunga kawiri chitsulo chopyapyala chokutidwa ndi mkuwa n'kuchiphatikiza m'ng'anjo. Paipi ya Bundy ndiyo inali kunsi kwa pafupifupi galimoto iliyonse imene ndinagonapo pansi pake ndili mnyamata.

Ndinalowa ntchito pa galaja ina yaing'ono ku Limbe, monga wotumidwa masipanala. Pabwalo pankadzaza Peugeot 404, makamaka mapikiapu a matola, Datsun 1200, Ford Cortina, Volkswagen Beetle, ma Land Rover a m'maesiteti a tiyi ndi a ku mishoni, ndi ka Morris Minor ka apo ndi apo ka aphunzitsi opuma. Iliyonse inali ndi kabureta yakeyake: Solex pa Peugeot ndi pa Beetle, Hitachi pa Datsun, Zenith pa Land Rover, Weber pa ma Cortina amphamvu, SU pa Morris. Amisiri amene anandiphunzitsa, mkulu amene anaphunzira ntchito ku Salisbury nthawi ya chitaganya, sankalola mnyamata watsopano kukhudza kabureta. Ntchito yanga inali kambale kagalasi ka pa pampu ya Land Rover.

Kambale kameneka kanali ka AC, komangidwa ndi kawaya kopindika ndi kanati komasula ndi zala. Pamwamba pake panali kaneti kamkuwa ndi gasiketi. Ukamasula, usanachite china chilichonse umamva mawu kuseri kwa boneti: "Iwe, usataye. Bwera nako kuno tione kaye." Amisiri ankakweza kambaleko kudzuwa n'kumawerenga. Fumbi lofiira linkawauza kuti chivundikiro cha thanki chinatayika kalekale. Timapale tofiirira tinali dzimbiri la m'thanki. Kadontho koonekera bwino kogudubuzika pansi kanali madzi. Tizinyenyeswa takuda ndiye ankatiopa kwambiri, chifukwa tinkasonyeza kuti labala wa paipi wayamba kufumbwa mkati ngakhale kunja akuoneka wabwino. Asanafunse mwini galimoto funso lililonse anali atadziwa kale misewu imene wayenda ndi kumene amagula mafuta. Pobwezera panali msampha wake: gasiketi ikapanda kukhala bwino, pampu imayamwa mpweya m'malo mwa petulo, ndipo galimoto imafa kambale kali mbee. Ukatha umapopa ndi kachitsulo ka pambali pa pampu, n'kumayang'ana mafuta akukwera m'galasi. Mpaka lero sindinaone filita yophunzitsa mnyamata ntchito kuposa kambale kameneka.

Morris inali ndi khalidwe lina. Pampu yake ya SU inali yamagetsi, ndipo ukatembenuza kiyi inkalira kuti thi-thi-thi mpaka kabureta itadzaza. Ikakhala chete, mapoyinti ake amata, ndipo mankhwala ake kunali kuigogoda pang'ono ndi sipanala. Aphunzitsi ena ankayenda ndi sipanala yapadera ya ntchito yokhayo.

Zinyalala zambiri sizinkachokera ku malo omwetsera mafuta a m'tauni. Zinkachokera kumene misewu ya phula inkathera. Ku maesiteti, ku mishoni ndi ku masitolo a kumidzi petulo ankasungidwa m'migolo ya malita 200. Mgolo ukaima chilili panja, madzi a mvula amadikha pamwamba pake. Masana umatentha n'kutulutsa mpweya, usiku umazizira n'kuyamwa madzi aja kudzera pa chivundikiro, ngakhale chitamangidwa. N'chifukwa chake odziwa ankaugoneka cham'mbali. Chivundikiro cha thanki ya galimoto chikatayika, m'malo mwake munkalowa chitsononkho chokulunga m'kansanza, ndipo fumbi la msewu wa ku Phalombe linkalowa mmene lingathere. Ena pofuna kuchenjera ankamanga pulasitiki ndi mphira mpaka osatsala mpata. Galimoto yotero inkayenda makilomita angapo n'kuzima, chifukwa thanki imafuna kabowo kolowera mpweya pamene mafuta akutuluka. Ukamasula pulasitikiyo umamva thanki ikupuma kuti fyuu, injini n'kulira ngati palibe chinachitika. Eni ake ambiri anagula mapulagi ndi makoyilo atsopano chifukwa cha kabowo kameneka.

Chida chathu chachikulu chinali pakamwa. Tinkauzira paipi kuti timve thanki ikubwata, tinkayamwa kuti mafuta ayambe kubwera, tinkauzira majeti n'kuwayang'ana kudzuwa, ndipo madzulo tinkasamba m'manja ndi petulo yemweyo. Petulo ameneyo anali ndi mtovu, umene makampani a ku America anayamba kuthira mu 1923 kuti injini isamagogode. Palibe anatiuza kuti mtovu umakhalira m'thupi. Mnyamata wanga ndikamupeza waika paipi pakamwa lero, ndimamulanda n'kumupatsa kapampu kofinya ndi dzanja.

Panali vuto lina limene silinkaoneka m'kambale. Petulo si chinthu chimodzi, ndi msakanizo, ndipo zina mwa zimene zili mmenemo zimayamba kuwira kutentha kusanafike n'komwe madigiri 40. Mu Okutobala, pikiapu yodzaza ikamakwera mapiri ochokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, ili pa giya yachiwiri, mphepo yochepa ikulowa m'boneti, petulo ankawira m'paipi ndi m'pampu. Pampu ya dayafulamu imakankha madzimadzi, nthunzi siikankha, choncho injini inkatsamwa n'kuzima pakona penipeni, wothandizira n'kudumpha kukafuna mwala woika kutayala. Madalaivala a matola ankadziwa chochita: kansanza konyowa pa pampu, fodya mmodzi chapatali, ulendo n'kupitirira. Ife ku galaja tinkasuntha paipi kuti italikirane ndi chitsulo cha utsi, kuika kachidutswa ka lata pakati, ndi kubwezera kathabwa kosatenga kutentha kamene kamakhala pansi pa kabureta, kamene amakaniko aulesi ankakonda kutaya. Opanga galimoto anadzapeza njira yabwino pambuyo pake, paipi yachiwiri yobwezera mafuta otsala ku thanki kuti asamakhale malo amodzi n'kumatentha.

Chaka chimene chinasintha ntchito yathu ndi 1982. Mafuta anali atakwera mtengo padziko lonse mu 1973 ndi mu 1979, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inali ikudula njira zathu za kunyanja yamchere. Pofika 1984 njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse zinali zitaima, ndipo mafuta ankazungulira ndi mathankala mtunda wautali. Dziko la Brazil linali litayamba kale mu 1975 kuyendetsa galimoto ndi ethanol wa nzimbe, ndipo Zimbabwe inatsegula fakitale yake ku Triangle mu 1980. Kwathu kuno fakitale ya Ethanol Company inayamba ku Dwangwa mu 1982, kutcheza ethanol kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga, ndipo petulo wa pampopi anayamba kubwera wosakaniza, nthawi zina 10 peresenti, nthawi zina mpaka 20. M'magalaja nthabwala inali yakuti galimoto nazo zayamba kachasu.

Ndinene mosabisa kuti nzeru imeneyi inali yabwino. Inapulumutsa ndalama zakunja pa nthawi imene dziko linali pakhosi, ndipo ethanol amathandiza injini kusagogoda. Koma galimoto zimene zinali pamsewu zinapangidwa ku Sochaux, ku Solihull ndi ku Japan ndi anthu amene sankaganiza za nzimbe za ku Nkhotakota, ndipo zotsatira zake zinagwera ife ogona kunsi.

Choyamba, ethanol amatsuka. Thanki ya zaka 15 imakhala ndi utomoni wa petulo wakale womata dzimbiri ndi fumbi m'makoma. Mafuta atsopano anasungunula utomoniwo, zonse n'kunyamuka kupita kutsogolo, moti galimoto imene inali isanavutepo inkabwera kambale katadzaza matope. Chachiwiri, labala wakale sagwirizana naye. Amafufuma akanyowa, amauma gwa akakhala, kenako amang'aluka. Dayafulamu ya pampu ikabooka petulo satulukira panja pokha, amatsikira mu oyilo, ndipo tinaphunzira kununkhiza kachitsulo koyezera oyilo tisanafunse china. Oyilo akamachuluka yekha, dziwani kuti pampu yatha, ndipo mabeyaring'i ali m'njira. Chachitatu ndi madzi, ndipo apa ndi pamene kambale kathu kagalasi kanayamba kutinamiza. Kale madzi ankagwa pansi n'kuoneka. Ethanol amamwa madzi n'kuwabisa m'petulo, ndipo akakhala ochepa amapsera limodzi m'injini popanda vuto. Koma akapitirira muyeso, ethanol ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kutsikira limodzi pansi pa thanki, pamene pali kamwa la paipi. Galimoto yoima miyezi ingapo nyengo ya mvula kapena ya chiperoni, thanki ili theka, inkadzuka ndi dzimbiri latsopano ndi ufa woyera m'kambale ka kabureta, chifukwa chitsulo chofewa chopangira makabureta chimadyeka ndi msakanizo umenewu.

Sikuti zonse zinali za ethanol. Zaka zomwezo zipangizo zinkasowa, ndipo anthu ankaika chilichonse chokhala ndi bowo pakati. Paipi yachitsulo ikadyeka ndi dzimbiri, ambiri tinkathamangira kwa okonza mafiriji kukagula paipi yamkuwa. Imapindika mosavuta, sichita dzimbiri, ndipo imaoneka bwino. Vuto lake ndi lakuti mkuwa ukamagwedezeka umalimba n'kukhala wophweka kuthyoka, ndipo pa misewu ya mabampu unkang'aluka pafupi ndi nati, pamalo pamene diso silifika. Amisiri ankaulola pokhapokha utamangidwa ndi tizitsulo pafupipafupi, ndi labala kumapeto onse awiri. Ena ankaika paipi yapulasitiki yoonekera mkati, imene pakatha miyezi imauma n'kuvuka yokha. Ena paipi ya madzi, ena ya mpweya. Ndipo pampu ikafa kutali ndi tauni, njira inali chigubu padenga kapena m'manja mwa wothandizira, paipi n'kulowa pawindo mpaka ku kabureta. Anthu amene sanamvepo za Model T anabwerera okha ku nzeru ya 1908.

M'zaka zomwezo kafilita kapulasitiki kokhala ndi pepala lopindapinda mkati kanafala m'masitolo a zipangizo. Kanali kotchipa, kankagwira fumbi losalala limene kaneti kamkuwa kankaphonya, ndipo kankalowa pa galimoto iliyonse. Koma anthu ankakaika paliponse pamene mpeni wafika, ndipo Beetle ndiyo inalipira. Galimoto imeneyi thanki ili kutsogolo, injini kumbuyo, ndipo paipi yake ya labala ndi ya mamilimita 5.5. Ya mamilimita 6 imene inkapezeka mosavuta imalowa ndithu, koma siigwira. Kachitsulo kamkuwa kolowetsa mafuta m'kabureta ya Solex kanangokhomeredwa, kalibe mazinga. Munthu akapachika filita pakati pa pampu ndi kabureta, kulemera kwake ndi kugwedera zimazula kachitsulo kaja pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene katuluke pampu imapopera petulo pa distribyuta, pamene pali moto wa mapulagi. Dalaivala ali kutsogolo, amadziwa ndi anthu a m'mbali mwa msewu akumukuwira. Ma Beetle ambiri padziko lonse anatha motero. Pa galimoto imeneyi filita imakhala kunja kwa chipinda cha injini, pampu isanafike, ndipo pamene paipi yachitsulo ikuboola lata la injini payenera kukhala kalabala kotchinga kuti lata lisaidye.

Mu 2004 fakitale yachiwiri ya ethanol, PressCane, inayamba ku Chikwawa, ndipo kumayambiriro kwa 2006 mayiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu. Koma chimene amakaniko a m'badwo wanga amakumbukira kwambiri ndi 2011 ndi 2012, nthawi ya mizere yogona pa malo omwetsera mafuta. Petulo anabwerera m'zigubu. Ankagulitsidwa kuseri kwa nyumba, m'zigubu zimene dzulo lake munali mafuta ophikira kapena madzi, ndipo wina ankabwera atathiridwa parafini. Apa galimoto zakale zinaonetsa ubwino wake. Ya kabureta ikamwa zoipa inkatsokomola n'kuima, iwe n'kumasula masikuluwu angapo, kutsuka, kuuzira, n'kumapita. Ya injekishoni, yopanda kabureta, inkafuna pampu yatsopano ndi ndalama zimene mwini wake analibe. Nthawi imeneyo ndi pamene ndinazolowera kuika mafilita awiri pa galimoto iliyonse yakale. Amayi posinja amayamba apeta ndi lichero asanafike pa sefa, ndipo mafuta nawonso n'chimodzimodzi: pafupi ndi thanki pamafunika filita ya mabowo aakulu, ya ma micron 100, yogwira mapale a dzimbiri popanda kulemetsa pampu, ndipo kutsogolo yosalala, ya ma micron 40 kapena kucheperapo, yoteteza singano ndi majeti. Mukaika yosalala kwambiri kumbuyo, pampu imavutika kukoka, ndipo mafuta okokedwa movutikira amawira msanga. Mumakhala mwachiza fumbi n'kuitana vuto la ku Chikwawa lija.

Pofika nthawi imeneyo misewu inali itadzaza kale galimoto zakale za ku Japan zolowera ku Songwe, ku Mwanza ndi ku Dedza, zonse za injekishoni. Zinabweretsa chisokonezo chatsopano. Pampu ya Datsun ikafa, mnyamata amapita kwa ophwasula galimoto, n'kubwera ndi pampu yamagetsi ya Corolla. Kabureta ya SU kapena ya Weber imafuna mphamvu ya 3 psi kapena kuchepera. Pampu ya injekishoni imakankha kupitirira 40. Singano ya fuloti singalimbane ndi zimenezo, ndipo petulo amatuluka paliponse pamene pali bowo. Pampu yamagetsi yoyenera kabureta ilipo, ngati za Facet, koma imakankha bwino kuposa mmene imakokera, choncho malo ake ndi pafupi ndi thanki, chapansi. Iyeneranso kulumikizidwa mwakuti injini ikazima nayo izime. Pampu ya AC inali ndi ubwino umenewu mwachibadwa. Yamagetsi yolumikizidwa ku kiyi basi imapitiriza kupopa galimoto itagubuduzika m'ngalande.

Komabe injekishoni yomweyo ndiyo inatipatsa paipi yabwino. Pa paipi ya labala yeniyeni pamalembedwa nambala ya muyezo wa ku America, SAE J30, ndi chilembo R. Ya R6 ndi ya R7 ndi ya labala wamba wa galimoto za kabureta. Ya R9 inapangidwira injekishoni, ndipo mkati mwake muli nsalu ina ya labala wa mtundu wa Viton amene ethanol samudya msanga. Ndi yodula, ndipo zonamizira zake zachuluka moti zolembazo pazokha si umboni. Ine ndimadula kachidutswa n'kuyang'ana ngati mkati mukuoneka nsalu yosiyana ndi yakunja, ndipo ndikakayika ndimakaviika m'botolo la petulo wa pampopi n'kukasiya pashelefu. Kakafufuma kapena kufewa, mpukutu wonse umabwerera kumene unachokera.

Mu Seputembala 2021 dziko la Britain linasintha petulo wake wamba kukhala E10, wa ethanol wofika mpaka 10 peresenti, ndipo eni galimoto zakale kumeneko anachita mantha. Anayamba kusintha mapaipi, madayafulamu, masingano ndi mafuloti, n'kumalangizana kuti galimoto isaime nthawi yaitali thanki ili theka. Mwana wa mlongo wanga amene amakhala kumeneko ananditumizira nkhani zake pafoni, akufunsa kuti, "Amalume, zimenezi n'zoona?" Ndinaseka. Zimene anthu a ma MG ndi ma Triumph ankaphunzira chaka chimenecho, amakaniko a ku Ndirande anaziphunzira zaka pafupifupi 40 m'mbuyomo, opanda buku, opanda sitolo yoitanitsako zida, ndipo palibe amene anabwera kudzawafunsa.

Pali zina zimene ndatengera kwa a ku Britain aja. Paipi ya cunifer, msakanizo wa mkuwa pafupifupi 90 peresenti ndi nickel 10 peresenti, imene Volvo inayamba kuika pa mabuleki m'zaka za m'ma 1970, imapindika ngati mkuwa koma sithyoka msanga ndi kugwedera, ndipo sichita dzimbiri. Ikanapezeka ku Limbe mu 1983 bwenzi okonza mafiriji atatisowa. Makilampu ozungulira bwino a injekishoni nawonso amaposa a Jubilee pa paipi yaing'ono, chifukwa a Jubilee akamangidwa pa kanthu kochepa amakhala obulungira mbali imodzi n'kusiya mpata, ndipo mano ake amadya labala. Koma zambiri zimene zimagulitsidwa m'dzina lokweza galimoto ndi zokometsera maso. Paipi yokutidwa ndi waya wonyezimira, mkati mwake mukakhala labala wamba, imawola mofanana, kungoti tsopano simungaone. Kafilita kagalasi kokhala ndi zitsulo zonyezimira kumapeto, komanga ndi mazinga, kamamasuka ndi kugwedera, ndipo sindikalola pa galimoto yotuluka pa galaja yanga. Si kofanana ndi kambale ka AC, kamene kanali kagalasi lochindikala, kokhazikika pa injini kapena pa tchesi. Za kukulitsa paipi ndiye ndimangopukusa mutu. Injini ya 1400 kapena ya malita 2.25 imakhuta ndi paipi ya mamilimita 6 kapena 8 imene inabwera nayo. Ya mamilimita 10 ndi ya injini zikuluzikulu za ku America. Galimoto ikamafooka pachitunda, paipi sinachepe: yaphwanyika penapake ndi mwala, kapena kaneti ka m'thanki katsekeka.

N'chifukwa chake Land Rover yakale kapena Nissan 1400 ikabwera lero, ndimayambira kumbuyo, ngakhale mwini wake akuloza kabureta. Thanki imatsika, imatsukidwa, ndipo timaunika mkati ndi tochi. Kuika filita yatsopano pa thanki yodzaza dzimbiri ndi kungogula masabata ochepa. Kenako paipi yachitsulo yonse, makamaka pansi pa tizitsulo toigwira, pamene matope amakhala osauma. Labala yense amachoka, ngakhale kachidutswa kobisika pamwamba pa thanki kamene aliyense amaiwala, ndipo watsopano amakhala wamfupi mmene kungathekere. Kumapeto kwa paipi yachitsulo timatukusira kamlomo kuti labala asavuke. Kabureta imatsegulidwa pomaliza, ndipo kawirikawiri imapezeka kuti inalibe mlandu. Eni ake ena amadandaula kuti ntchito yachedwa, ndipo ndimawayankha monga ankayankhira amisiri anga, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo.

Galimoto zoterezi zatsala zochepa. Peugeot 404 inasiya kupangidwa ku France mu 1975, ngakhale ku Kenya anapitiriza kulumikiza mapikiapu ake mpaka 1991. Land Rover Series III inatha mu 1985. Nissan 1400 ndiyo inakakamira, ikutuluka ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria ndi kabureta yake mpaka 2008, ndipo zina zikunyamulabe makala, mchenga ndi tomato m'matauni mwathu. Koma kabureta payokha sinachoke. Ili pa majenereta amene amalira magetsi akazima, pa mapampu othirira m'madimba, ndiponso pa njinga zamoto za kabaza zimene zadzaza kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Pa njinga yotero thanki ili pamwamba, petulo amatsika yekha, pansi pa kampopi pali kakapu kodikhira zinyalala, ndipo mafuta ambiri kumidzi amagulidwa m'mabotolo a pamsewu. Anyamata okonza njingazi pansi pa mitengo ya mango ndiwo akutsegula makabureta ambiri kuposa galaja iliyonse ya m'tauni, ndipo ena amabwera kwa ine ndi funso limodzi lomwelo, lakuti njinga ikungozima ikatentha koma pulagi ndi yatsopano. Ndimawauza kuti atsegule chivundikiro cha thanki amvetsere, akatero amasule kakapu ka pansi pa kampopi abwere nako osataya zimene zili mkatimo, ndipo paipi yoonekera mkati imene anagula pamsika aichotse tsiku lomwelo.